Kodi mnzako akugona tulo?

M'makalabu athu a achinyamata mafunso timayankha bwino. Njira zotengera kachilombo ka HIV tinaziloweza kalekale, ndipo kavalidwe ka kondomu ngakhale mwana wa Fomu 1 akhoza kutiphunzitsa. Koma ife alangizi a zaumoyo amene timayenda khomo ndi khomo ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri tikuona kuti pali funso limodzi limene sitifunsana: mnzanga, ukugona tulo?

Funsoli si lachibwana ayi. Tikamalondola achinyamata amene asiya kukatenga ma ARV, ambiri si kuti sadziwa ubwino wa mankhwalawa. Amadziwa kuposa ife. Ukakhala naye pansi pakhonde m'pamene umamva kuti munthu watha mwezi akuchezera usiku wonse, nsima sikulowa, kumpira kuja ankakukonda sakupitakonso. Wina fizi yasowa, wina ganyu ya ku Limbe yatha, wina chibwenzi chamuthawa atachiuza zotsatira za magazi ake. Maganizo akachuluka, botolo la mankhwala limangokhala kunsi kwa matilesi.

Ma ARV anayamba kuperekedwa ulele m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba kumwa osadikira kuti adwale kaye. Ambiri amangomwa piritsi limodzi patsiku. Munthu akamamwa mokhulupirika tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina osationanso, ndipo zikatero sangapatsire mnzake pogonana. Akamadumphitsa masiku timachulukanso, mwinanso kuyamba kusamva mankhwala. Piritsilo ndi laling'ono, koma limafuna munthu woti mutu uli m'malo.

Nkhaniyi si ya okhawo amene ali ndi kachilombo. Anzathu a ku Zingwangwa ndi Chilobwe sanaiwale matope amene anatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Mpaka pano alipo ena amene mvula ikayamba kugunda malata usiku amadzuka n'kukhala tsonga. Wosowa tulo uja ndi amene amathawira ku kachasu kapena chamba kuti aiwale mavuto, ndipo tonse tikudziwa kuti woledzera sakumbukira kondomu.

Chimene chimatikhumudwitsa ndi mayankho athu. "Mwamuna salira." "Limba mtima, zitha." "Ungopemphera." Pemphero sitikulikana, ifenso timapemphera. Koma mnzathu akatsokomola milungu iwiri sitimuuza kuti alimbe mtima, timamutumiza kukayezetsa makhololo kuopa TB. Nanga bwanji amene watha milungu iwiri ali khuma, osagona, osadya, osafuna kuonana ndi anthu? Amenewonso ndi matenda, ndipo amachizika.

Ena adzati m'dziko muno madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa. Zoona. Ku Zimbabwe nakonso anali ochepa, koma mu 2006 dokotala wina, Dixon Chibanda, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu amene achulukidwa maganizo. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, inathandiza anthu ambiri mpaka inafalikira kumayiko ena. Ngati agogo anatha, kalabu ya anthu makumi awiri ingalephere?

Maganizo athu ndi akuti kalabu iliyonse izipatula mphindi khumi ndi zisanu, sewero ndi nyimbo zisanayambe, anthu akhale awiriawiri, anyamata paokha atsikana paokha, afunsane mmene sabata yathera. Womvetsera asafulumire kulangiza. Amene wajomba kawiri tisamangomudula m'kaundula, tipite kwawo.

Zina ndi zazing'ono zoti tingachite tokha. Foni izigona patali ndi mphasa, chifukwa mabandulo ausiku atidyera tulo tambiri. Tisachoke pakhomo ndi njala pamene phala la mgaiwa lothira nsinjiro lilipo. Kusewera mpira kapena kuyenda ndawala madzulo kumapeputsa mutu kuposa botolo.

Koma mnzanu akanena kuti bola kufa, kapena akayamba kugawa katundu wake ngati wotsanzika, musaseke. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizo amenewo, kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha, muchotseni pafupi ndi chingwe, tameki kapena mankhwala, ndipo muperekezeni kuchipatala chapafupi kapena ku Queens tsiku lomwelo. Nkhani yotereyi ndi yokhayo imene simuyenera kuisunga nokha: uzani kholo, mtsogoleri wa kalabu kapena mlangizi wa zaumoyo.

Zina zonse zimene mnzanu wakuuzani pabenchi zithere pomwepo. Zikangofika pa WhatsApp ya kalabu kamodzi kokha, sabata yamawa aliyense adzayankha kuti "ndili bho."