Banja latha, nanga ngongole yatsala pa dzina la yani?



Banja likamatha kuno kunyanja, ankhoswe ndi ashehe amakhala pansi nthawi yaitali. Amakamba za ana, za mahari ngati sanathe kuperekedwa, za masiku a idda, mpaka za mbale ndi matiresi. Koma pali katundu mmodzi amene kawirikawiri satchulidwa pabwalopo, chonsecho ndiye wolemera kuposa onse: ngongole zimene awiriwo anatenga akadali pa mphasa imodzi. Aliyense amachita manyazi kuzitchula. Talaka imagwa, anthu amabalalika, ndipo pakangopita milungu iwiri njinga yamoto ya wotolera ngongole imaima pakhomo.

Pakhomo pa yani? Ambirife kuno ndi a chikamwini. Mwamuna ndiye amanyamula chikwama n'kubwerera kwawo, kapena kusamukira ku dooko lina, kaya ku Msaka kaya ku Makanjira, kapenanso kukwera basi ya ku Joni. Mkazi amatsala pamudzi wa amayi ake, pomwe aliyense akumudziwa. Nthawi zambiri dzina lili papepala ndi lakenso, chifukwa mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amakonda magulu a amayi, ndipo banki m'khonde nayo ndi amayi amene amadzazamo. Ndalama ija inagula injini ya boti, inasokera chilimira, mwina inalipira pasipoti ndi ulendo wa bambo. Injini inapita ndi mwini wake, pepala n'kutsala ndi mayi.

Kale dzina la munthu linkaipa pamudzi pokha. Lero lili ndi kaundula. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau, ndipo Reserve Bank inapereka chilolezo kwa makampani monga Credit Data CRB ndi TransUnion kuti azisunga mbiri ya anthu obwereka ndalama. Banki ikakubwereka, imatumiza kumeneko dzina lako, kuchuluka kwa ndalama, ndi momwe ukubwezera. Ukapita ku banki ina, nayonso imayamba yafufuza kumeneko. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, munthu sangabisale posintha mudzi kapena kalembedwe ka dzina. Ndiye mayi amene akufuna kuyambiranso geni yake ya usipa amauzidwa kuti sizitheka, osadziwa kuti chamutsekera ndi injini imene ikulira pa nyanja ina. Za banki m'khonde ndi katapila kawirikawiri sizifika m'kaundulayu, koma kumeneko chilango chimabwera msanga: anzake a pagulu amamudulira masheya, ena amabwera kudzatenga nkhuku ndi malata.

Ena amaganiza kuti khoti likagamula, zonse zatha. Ndi zoona kuti gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mayi ufulu wogawiridwa katundu mwachilungamo banja likatha, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo, kuphatikizapo nikah yathu. Koma wobwereketsa ndalama sanali nawo pa mlandu wa banjalo. Iye amatsata amene anasaina, ndi amene anamuikira umboni. Ngakhale ankhoswe agwirizane kuti bambo ndiye abweze, tsiku limene bamboyo adzaphonye, dzina lodetsedwa ndi la wosaina uja.

N'chifukwa chake ine ndikuti bwalo lothetsa banja lisamabalalike ngongole zisanalembedwe. Izi si zachilendo kwa ife. M'mizikiti momwe amawerenga juzu imodzi pa usiku, Taraweeh yachitatu imatifikitsa pa ayah 282 ya Surah Al-Baqarah, yomwe ndi yaitali kuposa ayah zonse za m'Qur'an yolemekezeka, ndipo nkhani yake ndi kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ana athu ku madrasa amavutika nayo kuloweza, akuluakulufe timavutika nayo kuichita. Palembedwe kuti ngongole ili kuti, yatsala zingati, ndalamayo inagwira ntchito yanji, katundu amene inagula ali ndi yani. Wotenga injini atenge ndi ngongole yake. Ndipo zisathere papepala la ankhoswe: awiriwo apite limodzi kwa wobwereketsa akapemphe kuti dzina lisinthidwe. Akakana, kuli bwino katunduyo agulitsidwe, ngongole itsekedwe, zotsala agawane. Zimawawa kugulitsa boti, koma mwera ukayamba mu June mabwato n'kukhala pamtunda masiku angapo, malonjezo a pakamwa sabweza kanthu.

Kwa inu abambo anzanga, apa ndilankhula mosabisa. Shariah inaika chakudya, zovala ndi pogona pa mutu wa mwamuna. Ngati mkazi anakatenga ngongole mu January kuti agule chimanga cha pakhomo panu, ngongoleyo ndi yanu, ngakhale chala chimene chinadinda ndi chake. Kaundula wa ku banki sakukudziwani, koma zimenezo sizikuchotserani kanthu. Timadziwa kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anazengereza kuswalira jeneza ya munthu amene anamwalira ndi ngongole, mpaka Abu Qatada atavomera kuisenza. Munthu wotumiza zithunzi za futari yonona ku Johannesburg, mayi wa ana ake akuthawa njinga yamoto ku Nkhudzi, aganizire bwino za nkhaniyi.

Nanga mlongo amene dzina lake laipa kale? Chimene chimaononga kwambiri ndi kuzimitsa foni ndi kubisala, chifukwa mwezi uliwonse wophonya umalembedwa. Apite yekha, kapena ndi mjomba wake, akafotokoze kuti banja latha, apemphe kuti magawo obweza achepetsedwe ndipo nthawi italikitsidwe. Chilichonse chimene agwirizana chilembedwe, ndipo risiti iliyonse isungidwe, ngakhale uthenga wa pafoni wa Airtel Money kapena Mpamba. Akamaliza kubweza asachoke opanda kalata yonena kuti ngongole yatha. Kenako apemphe kuona mbiri yake ku makampani aja, poti lamulo limamulola kutero ndi kudandaula ngati alemba zolakwika. Zikakanika, dandaulo lingapite ku Reserve Bank. Chimodzi chokha asachite: kutenga katapila kuti atseke ngongole ya ku banki.

Ophunzira anga akuluakulu amafunsa kuti, poti chiongoladzanja ndi riba ndipo riba ndi haraam, bwanji osangosiya kubweza? Yankho ndi lakuti kulowa mu riba kumafuna tauba, koma ndalama imene munthu analandira m'manja ndi ya eni ake, ndipo kuchedwa kumangokulitsa riba yomweyo. Njira yotulukira ndi kutseka msanga.

Apa ndi pamene Zakaat ikubwera, poti ambiri amapereka m'mwezi wosala kudya. Ayah 60 ya Surah At-Tawbah imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndipo gulu limodzi ndi la anthu olemedwa ndi ngongole. Ife timangokumbukira matumba a mpunga ndi shuga, omwe amatha Eid isanafike. Komiti ya mzikiti ingathe kufufuza mwakachetechete amayi awiri kapena atatu amene anasiyidwa ndi ngongole za pabanja, n'kupita nawo kwa wobwereketsa, kulipira zotsalazo pamaso pawo, ndi kudikira pomwepo mpaka kalata yotseka ngongole ilembedwe m'dzina lawo.