Ndege yopanga wekha imafuna mnzako wokuuza kuti 'dikira kaye'

Mchaka cha 2016 nyuzipepala za kuno ndi zakunja zidalemba za mmisiri wina wowotcherera zitsulo m'mudzi wina kumpoto kwa Lilongwe amene ankapanga helikoputa yakeyake. Adatolera zitsulo zotha ntchito, n'kuikamo injini ya njinga yamoto, ndipo anthu ankachokera kutali kudzaona. Ena ankaseka, ena ankati bamboyo mutu wazungulira, enanso ankati ndi zamatsenga basi, poti kwathu kuno ndege imene timamva kuti munthu wamba angakhale nayo ndi ija ya lichero.

Ine ndikuti oseka aja adalakwa, koma nawonso amene ankakuwa kuti "musiyeni aiulutse tione" adalakwa. Munthu wamba angathe ndithu kupanga ndege pakhomo pake, kapena kugula yakale n'kuikonza mpaka kuuluka. M'maiko ena anthu akhala akuchita zimenezi kwa zaka pafupifupi 100. Koma nkhani za anthu amenewa zikuonetsa kuti luso la manja palokha silikwanira. Amene amakalamba ali moyo pantchitoyi ndi amene amalola kuti munthu wina aunike zomwe apanga.

Tiyambire ku America. Mchaka cha 1929, bambo wina wotchedwa Bernard Pietenpol, wa m'kamudzi ka Cherry Grove m'chigawo cha Minnesota, adaulutsa kandege ka anthu awiri kamene adapanga yekha ndi matabwa, pulayiwudi ndi nsalu. Injini yake adachotsa m'galimoto ya Ford Model A. Sadali injiniya wa ku yunivesite, adali makaniko wodziphunzitsa yekha. Mapulani a ndegeyo, imene imatchedwa Air Camper, adasindikizidwa m'magazini mchaka cha 1932, ndipo mpaka lero anthu akuipangabe m'magalaja mwawo. Mchaka cha 1953 Paul Poberezny ndi anzake adayambitsa bungwe la anthu opanga ndege pakhomo la Experimental Aircraft Association, ndipo chaka chilichonse anthu miyandamiyanda amasonkhana mumzinda wa Oshkosh ku Wisconsin kudzaonetsana zomwe apanga.

Ndiye kuti pali ndege zambiri zoterezi zimene zidapangidwa zaka 30 kapena 40 zapitazo, mwini wake adakalamba kapena adatisiya, ndipo zangokhala m'shedi zikudya fumbi. Wina amazigula motchipa kuti azidzutse. Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo kalipentala aliyense wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angaimvetse.

Ndege yamatabwa imagwirana ndi guluu. Guluu wakale akakhala pachinyezi zaka zambiri amafooka, koma sungaone ndi maso chifukwa zonse zili mkati mwa nsalu yokuta mapiko. Madzi akalowa amakadikha kumunsi, makamaka chakumchira, n'kuoletsa thabwa. Mbewa zimamanga zisa m'mapiko ndipo mkodzo wake umadya matabwa ndi zitsulo zomwe. Nsalu nayo imatha mphamvu ndi dzuwa ngakhale penti ikuwala. Injini imene yakhala osalira kwa zaka imachita dzimbiri mkati, mapaipi a mafuta a labala amauma n'kung'aluka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wokonza wanzeru amayamba wang'amba nsalu yonse kuti aone thabwa lililonse ndi polumikizira paliponse, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndegeyo inkauluka bwinobwino.

Akamaliza amaiika pasikelo. Izi anthu ambiri sadziwa: ndege ikhoza kukhala ndi injini yamphamvu ndi mapiko olimba, koma kulemera kwake kukapendekera kwambiri kumbuyo, imakana kumvera woyendetsa. Kungosintha batire kapena kuwonjezera penti kumchira kumasuntha pamene pali pakati pa kulemerako. Minibasi ukaipakira mopendekera imangoyenda chokhota, ukatopa nayo umaima pambali pa msewu. Kumwamba kulibe pambali pa msewu.

Vuto lina la ndege yopangidwa ndi munthu wina n'lakuti wopangayo amasintha zinthu monga momwe iye wafunira, ndipo wogula sadziwa chifukwa chake. Amene mumakonda nyimbo za country mukumudziwa John Denver. Iye adali woyendetsa ndege wodziwa, wa maola oposa 2,000 ali mumlengalenga. Mchaka cha 1997 adagula kandege kotchedwa Long-EZ kamene adapanga munthu wina potsata mapulani a Burt Rutan. Pamapulaniwo, kachogwirira kosinthira thanki ya mafuta kamayenera kukhala pakati pa miyendo ya woyendetsa. Wopangayo adakaika kuseri kwa phewa lamanzere. Pa 12 October chaka chomwecho, Denver adanyamuka ndi mafuta ochepa pafupi ndi Monterey ku California. Ofufuza za ngozi a bungwe la NTSB adapeza kuti thanki imodzi itatha mafuta, iye adayenera kutembenuka thupi lonse kuti afikire kachogwirira kaja, ndipo potero ndege idamupulumuka n'kugwera m'nyanja. Adafa ali ndi zaka 53.

Taganizani, abale. Injini idalibe vuto, mapiko adali olimba, woyendetsa adali katswiri. Chidapha munthu n'kachitsulo kamodzi koikidwa pamalo olakwika, kuphatikizapo kusazolowera ndege yatsopano ndi kunyamuka osathira mafuta. Bungwe lomwelo la NTSB litaunika ngozi za ndege zopanga pakhomo mchaka cha 2012, lidaona kuti ulendo woyamba ndi woopsa kwambiri, kwa amene wapanga yekha ngakhalenso kwa amene wangogula yopangidwa kale.

Mapulani enieniwo nawonso akhoza kukhala ndi chilema. Ku France, Henri Mignet adatulutsa buku mchaka cha 1934 lophunzitsa munthu aliyense kupanga kandege kotchedwa Pou-du-Ciel. Anthu ku France ndi ku Britain adakakhamukira kupanga. Pofika 1936 angapo adali atafa mofanana: ndege ikaweramitsa mphuno kwambiri, siinkadzukanso. Akatswiri a boma ataiyesa m'nyumba yopemerera mphepo ndi pamene adapeza kuti vuto lidali pa momwe mapiko ake awiri adakhalira. Maboma adailetsa, Mignet adakonza, ndipo mitundu yotsatira idauluka bwino. Opanga aja sadali opusa. Palibe mmodzi wa iwo amene akadaona vutolo ali yekha kunyumba kwake.

N'chifukwa chake maiko amene ali ndi anthu ambiri opanga ndege adaika njira yoti munthu adutsemo. Ku America lamulo limati wopangayo achite yekha gawo lalikulu la ntchito, lopitirira theka, ndipo akhale akuchita pofuna kuphunzira kapena kusangalala. Woyendera wovomerezeka ndi boma amabwera kudzaiunika isadauluke. Ikatero, imayamba yauluka maola 25 kapena 40 m'dera lomwe aisankhira, kutali ndi kumene kuli anthu ambiri, popanda kunyamula abale kapena anzako okacheza. Pandegepo pamalembedwa poonekera kuti ndi yoyeserera, kuti wokwera adziwe chomwe akukwera. Chaka chilichonse imaunikidwanso, ndipo zonse zimalembedwa m'buku lake. Palibe amene amamangidwa chifukwa chokhoma ndege pakhomo, komanso palibe amene amaloledwa kungoidzutsa pabwalo la mpira ana asukulu atazungulira.

Mwina wina ati izi ndi za azungu. Ayi, zidafika pakhomo pathu pomwe. Mchaka cha 2019 ana asukulu 20 a ku South Africa adalumikiza ndege ya anthu anayi yotchedwa Sling 4, imene zipangizo zake zimapangidwa ku Johannesburg, m'masabata atatu okha moyang'aniridwa ndi akatswiri. Motsogozedwa ndi mtsikana wa zaka 17, Megan Werner, ena mwa iwo adaiulutsa kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, ndipo panjira adatera kuno ku Malawi. Ndege ya anawo idafika bwino. Koma nkhaniyi ili ndi chisoni chake: pobwerera, ndege ina imene inkawaperekeza idagwa itangonyamuka ku Tabora m'dziko la Tanzania ikubwera ku Lilongwe, ndipo akuluakulu awiri a ulendowo, mmodzi mwa iwo bambo ake a Megan, adafa. Ndikutchula zimenezi dala kuti wina asaganize kuti ndikunena zamasewera. Ngakhale zonse zitatsatidwa, kuuluka kumakhalabe ndi ngozi zake. Nanga kuli bwanji zikapanda kutsatidwa?

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Dziko limene anthu akugona pamzere wa mafuta, feteleza wakwera mtengo, mankhwala akusowa m'zipatala, tizikamba za tindege ta anthu ofuna kusangalala? Komanso mabala a ku Chikangawa, kumene ndege ya asilikali idagwa pa 10 June 2024 n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, sadapole. Mawu oti ndege yaing'ono amatipatsa nthumanzi, ndipo m'pomveka.

Koma sindikupempha boma kuti ligulire munthu ndege kapena lichotse ndalama ku chipatala. Amisiri ofuna kuuluka alipo kale, ndipo apitiriza kukhoma kaya tifune kaya tisafune. Mwana amene lero akupinda mawaya kupanga galimoto, mawa aona vidiyo pa YouTube n'kuyamba kuwotcherera mapiko. Funso n'lakuti akafika pofuna kuyesa, apeza khomo loti agogode, kapena akayesera kudambo mobisa poopa apolisi? Wobisala ndiye amafa, mwinanso n'kupha oonerera.

Pempho langa ku bungwe loyang'anira za maulendo a pandege m'dziko muno ndi losavuta. Lembani m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pakapepala kamodzi, zimene munthu wopanga kapena kukonza ndege yaing'ono ayenera kuchita: apite kuti, aonane ndi yani, alipire zingati. Akamveka mmisiri wotere kumudzi, mutumizeni injiniya akaone ntchito yake n'kumuuza zoona. Nthawi zambiri zoonazo zidzakhala zowawa, kuti chitsulo cha mageti n'cholemera kwambiri ndipo injini ya njinga yamoto singanyamule helikoputa ndi munthu. Koma munthu amene watha miyezi akulimbana ndi chinthu chotere ali ndi mtima umene sukulu zaumisiri zimausowa. Malo ake ndi m'kalasi kapena m'shedi yokonzera ndege ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport.

Poyambira tili napo kale. Mchaka cha 2017 boma ndi UNICEF adatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mchaka cha 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege topanda munthu. Mfundo zake ndi zomwezo: kulemera, mphamvu ya injini, mpweya wodutsa pamapiko. Drone ikagwa umangotola zidutswa n'kuyambiranso. William Kamkwamba adayamba ndi zitsulo zakudzala ku Wimbe anthu akumuti wamisala, ndipo chidamupititsa patsogolo ndi buku la mulaibulale ndi anthu odziwa amene adabwera kudzaona makina ake amphepo.

Kwa inu amisiri anzanga, mawu anga ndi awa. Musayambe ndi helikoputa, chifukwa ndi makina ovuta kuposa ndege yamapiko. Tsatani mapulani amene ena adawayesa kale, ndipo mukasintha kanthu lembani chifukwa chake, kuti wodzagula mawa asadzafe ngati John Denver. Phunzirani kuyendetsa ndege kwa mphunzitsi musadakwere yanuyo. Wina akakuuzani kuti polumikizira apa sipali bwino, musamuone ngati wansanje. Safunsa adadya phula, ndipo phula la mumlengalenga munthu salawa kawiri.

Tsiku lina ndikufuna kudzaima pabwalo la ndege la ku Mzuzu kapena ku Likoma n'kuona kandege kopangidwa ndi manja a Mmalawi kakutera, mwini wake n'kutsika, kuvula chipewa n'kupita kukadya nsima kwawo madzulo. Kuti tifike pamenepo pafunika mmisiri wolimbikira, woyendera wosalandira chiphuphu, ndi ofesi imene imayankha munthu wa kumudzi akagogoda.