Amene anakana EPO ndiye anayamba kulangidwa

Anthu akamakamba za chinyengo pa mpikisano wa njinga, dzina lofulumira kutuluka ndi la Lance Armstrong. Ine ndimafuna tizitchulanso la Christophe Bassons, mnyamata wa ku France amene anachoka pa Tour de France ya 1999 osamaliza, chifukwa anakana mankhwala owonjezera mphamvu ndipo sanafune kukhala chete.

Mu July 1998, a kasitomu a ku France anagwira Willy Voet, wosamalira opalasa a timu ya Festina, akuchokera ku Belgium, galimoto itadzaza ndi EPO ndi mankhwala ena. EPO anapangidwira odwala, makamaka a impso, amene magazi akuwachepera. Amachulukitsa maselo ofiira, mpweya umafika wambiri m'minofu, munthu n'kumakwera phiri osatopa msanga. Koma akachuluka magazi amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kupopa. Bassons anali m'timu yomweyo, ndipo anzake amene anagwidwa anachitira umboni kuti iyeyo sankalandira nawo.

Chaka chotsatira akuluakulu analengeza kuti masewerawa ayeretsedwa. Bassons, amene ankalemba mu nyuzipepala ya Le Parisien mpikisano uli mkati, anati zimenezo si zoona. Anzake anasiya kumulankhula. Armstrong, atavala jezi yachikasu ya wotsogola, anamupeza pamsewu n'kumuuza kuti ngati akuganiza choncho, ndi bwino angosiya. Patapita masiku ochepa ananyamula chikwama. Pofika 2001 anali atasiyiratu, ali ndi zaka 27 zokha.

Pa mpikisano womwewo wa 1999, mumkodzo wa Armstrong munapezeka mankhwala oletsedwa a cortisone. Timu yake inabweretsa kalata ya dokotala yolembedwa deti lam'mbuyo, bungwe loyang'anira njinga la UCI n'kuilandira. Anapambana chaka chimenecho ndi zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka 2005.

Armstrong sindikumuikira kumbuyo. Ananama, anaopseza anzake, anatengera kukhoti Emma O'Reilly, mayi amene ankamusisita minofu, chifukwa chonena zimene anaona. Chilango anachiyenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti timakamba ngati vuto linali mtima woipa wa munthu mmodzi, pamene ndalama ndi zimene zinkayendetsa zonse. Timu ya njinga ilibe bwalo lolipiritsa pakhomo, anthu amaonerera ulere m'mbali mwa msewu. Imadya za kampani imene dzina lake lalembedwa pa jezi, ndipo kampaniyo imafuna dzinalo lioneke pa TV kutsogolo. Wopalasa amasaina kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Akamatsalira m'mapiri chifukwa magazi ake ndi achibadwa, chaka chamawa ntchito alibe. Mnyamata wotere mumuuza chiyani?

Ndipo makampani asatinamize kuti sankamva. Mtolankhani David Walsh anatulutsa umboni mu 2004, Armstrong n'kusumira nyuzipepala yake, The Sunday Times, mpaka inalipira. Kampani ya Nike inapitiriza kugulitsa katundu ndi dzina la Armstrong, n'kudzamutaya mu October 2012, lipoti la USADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, litatuluka, miyezi itatu asanaulule yekha kwa Oprah Winfrey. Woyang'anira timu ya Armstrong Johan Bruyneel ndi dokotala Michele Ferrari analetsedwa ntchito, n'zoona. Koma phindu limene makampani ndi eni mpikisano anapeza m'zaka zisanu ndi ziwirizo linakhala m'matumba mwawo.

Zaka zimenezo anazisiya zopanda wopambana m'mabuku a Tour, poti ambiri amene ankabwera pambuyo pa Armstrong anali ndi milandu yomweyo. Bassons palibe anamubwezera ntchito yake. N'chifukwa chake ndimati wopalasa akagwidwa, timu yake izilandidwa chiphaso, ndipo kampani yolipira timuyo izilipiritsidwa chindapusa cholingana ndi zimene inapindula.