Malire aikidwe kandege kasananyamuke

M'minibasi, pa benchi ya pagolosale, ngakhale pamaliro anthu akudikira thupi, simulephera kuona munthu ataweramira pa foni, chala chili chire kudikira kudina. Ndi kandege kameneko. Kakamakwera mtima uli m'mwamba, kakathawa mumangomva "aa, yadyedwa!"

Ine sindili m'gulu la onena kuti kubetcha kuthetsedwe. Munthu wamkulu, wokwanitsa zaka 18, amene wakhetsa yekha thukuta, ali ndi ufulu woika K500 yake pa Bullets kapena Manoma Loweruka masana. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amabetcha osadziwa masamu a masewerawo.

Aviator, yomwe timaitcha kandege, yopangidwa ndi kampani ya Spribe, imabweza K97 pa K100 iliyonse tikaphatikiza ndalama za osewera onse. K3 yotsalayo imaoneka yochepa, koma wosewera saitulutsa ndalama imene wawina, amaiponyanso. Tiyerekeze mwayamba ndi K10,000, ndipo zonse zobwerera mukuzibwezera m'masewera. Pamasamu amenewa, mukazungulira ka 23 theka la ndalamayo lapita. Tsono ulendo umodzi wa kandege nthawi zambiri sukwana ndi mphindi imodzi yomwe. Mpira umakupatsani mphindi 90 zoti muganize, kandege sakupatsani mpata wopumira. Ndipo anyamata ogulitsa pa WhatsApp "njira yodziwira pomwe kathawire" akungokudyerani kachiwiri.

Pamene pamagwera anthu ambiri ndi pofuna kubweza zomwe adyedwa. Kale munthu akatha ndalama m'thumba ankadzuka n'kumapita kwawo. Lero Airtel Money ndi Mpamba zili m'foni momwemo, usiku pakati, akazi ali mtulo pambali. Ya ndiwo ikatha imalowa ya lendi, kenako ya fizi, kenako ngongole ya banki m'khonde, pomaliza katapila. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika chizolowezi chosaletseka cha juga m'gulu la matenda. Munthu wofika pamenepo kumuuza kuti "ingodziletsa" n'kutaya mawu.

N'chifukwa chake ndimati malire asamakhale mumtima mokha, akhale m'makina. Ku Britain kuli dongosolo lotchedwa GamStop: munthu amalembetsa kamodzi, ndipo makampani onse ovomerezeka a juga ya pa intaneti amamutsekera kwa miyezi 6, chaka, kapena zaka 5. Ngakhale mawa lake atasintha maganizo, samutsegulira nthawi isanakwane. Kuyambira mu April 2020, dzikolo linaletsanso kubetcha ndi makadi a ngongole. Kuno tili ndi bungwe la MAGLA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 kuti liziyang'anira juga ndi malotale. Ndikufuna kuona bungweli likuonetsetsa kuti aliyense wotsegula akaunti azifunsidwa kaye kuchuluka kwa ndalama zomwe angaike pa sabata, komanso kuti wodzitsekera pa kampani imodzi asapeze khomo lotsegula pa ina.

Pakadali pano, inu amene mumabetcha, sankhani ndalama ya sabata m'mawa mutu uli bwino, osati mutadyedwa kumene kapena mutamwa. Ikhale ndalama yoti ikapita ana adyabe. Ya ngongole isayandikire n'komwe. Sewerani ndi makampani okhala ndi chiphaso okha, ndipo kamodzi pamwezi tsegulani mbiri ya akaunti yanu, muwerengetse zomwe munaika ndi zomwe munatulutsa. Timakumbukira tsiku lowina, masiku odyedwa timawaiwala msanga.

Ndipo inu achibale, mukaona malipiro a mwana wanu kapena amuna anu akutha mwezi usanafike pakati, foni akuibisa, tulo sakugona, musayambe ndi kumuyalutsa pagulu. Manyazi ndi amene amamuchititsa kubisa ngongole mpaka zitakula. Khalani naye pansi, mulembe ngongole zonse papepala, mugwirizane kuti malipiro azisungidwa ndi wina kwa kanthawi, kenako mupite naye kwa aphungu kapena kwa madokotala oona za matenda a maganizo.