Olemba a ku Kafue akufuna chipinda chimodzi chabe

Munthu wofuna kulemba buku muno mu Kafue sasowa cholembera kapena nkhani. Nkhani zili mbwee: za asodzi a pamtsinje, za mabanja amene anabwera kudzagwira nchito ku Nitrogen Chemicals ndi ku Kafue Textiles, za zimene zinachitika nchito zitayamba kutha. Chosowa ndi malo a bata.

Taganizirani nyumba ya zipinda ziwiri ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe. Tebulo ndi limodzi, lodyerapo nsima, lolemberapo ana homuweki, losita zovala. Wailesi ikulira, ku bala yapafupi nyimbo sizitha, ndipo mlendo akafika simungamuuze kuti dikirani ndimalize ndime. Ndani angachite zimenezo kwa apongozi? Usiku ana akagona, malaiti nawonso agona. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi, magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka, ngakhale kuti Kafue Gorge yonyamula dzina lathu ili pafupi pompano.

Ku Lusaka kuli malo monga BongoHive, imene inayamba mu 2011, kumene munthu amapeza desiki ndi intaneti. Ndi zabwino, koma anawakonzera makamaka a bizinesi ndi a makompyuta. Komanso Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 40. Ndalama ya basi yopita ndi kubwera tsiku lililonse ingadye phindu la buku lisanalembedwe n'komwe.

Zimene ndikupempha n'zochepa. Chipinda chimodzi chokhala ndi chitseko chotsekeka, matebulo angapo, mipando yosagwedera, sola yokwanira kuyatsa magulopu ndi kutchaja malaputopu. Chizitsegulidwa m'mamawa ndi madzulo anthu ataweruka, chifukwa olemba athu ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa pamsika. Masana alibe mpata. Lamulo likhale limodzi lolimba: foni iyankhidwire panja. Intaneti ingabwere pambuyo. Kunena zoona, wolemba wopanda Facebook kwa maola awiri amalemba zambiri.

Ena adzati olemba mu Kafue ndi angati kuti tiwamangire nyumba? Sindikunena zomanga. Machalichi ali ndi maholo amene amakhala otseka pakati pa sabata, masukulu ali ndi makalasi opanda munthu madzulo. Ndipo pa tebulo lomwelo padzakhala mwana wa Giredi 12, mlaliki wokonza ulaliki, mtsikana wolemba kalata yofunsira nchito. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse. Zipatala ndi madesiki a ana zitsogole, sindikutsutsa. Koma sola ndi mipando khumi sizingagwetse bajeti imeneyo.

Chimene ndikukana ndi chaulere chenicheni. Malo opanda mwini amasanduka posungira katundu kapena pochezera. Olowamo azisonkha kangachepe pamwezi, asankhe wosunga kiyi, alembe mayina m'buku.

Pali phindu lina limene silioneka msanga. Wolemba Chinyanja akakhala moyandikana ndi wolemba Chitonga, tsiku lina adzasinthana mapepala potuluka, ndipo aliyense adzapeza womuuza mosabisa kuti mutu wachitatu ndi wotopetsa. Pempholi lipite ku komiti ya chitukuko ya wadi, lolembedwa bwino, ndi mayina a anthu okonzeka kusesa chipindacho.