Mulanje afuna ana odziwa za pansi pa nthaka

Kuyambira 1924, pamene katswiri wa za miyala Frank Dixey anapeza miyala ya bauxite pa Lichenya, maso a anthu akunja akhala ali pa chuma chobisika m'phiri la Mulanje. Ndipo sizodabwitsa kuti kholo la pa Likhubula, likamva kuti ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya wa miyala ndi nthaka, limangoganiza za migodi ndi ndalama zake. Ine ndikuti ntchito imene ikudikira ana athu ndi ina, yopanda ulemerero wotere, koma yoposa migodi kulemera kwake.

Pakuti phiri lomweli, limene limamwetsa mzinda wa Blantyre madzi a mumtsinje wa Likhubula kudzera m'mapaipi opita ku Nguludi, ndilo limenenso limagwetsa miyala ndi matope pa midzi ya m'tsinde mwake. Akuluakulu akukumbukira ngozi yotere ya ku Phalombe mu Marichi 1991. Ana omwe anaona ndi maso awo zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023. Makolo athu anatcha ngozi zoterezi Napolo, ndipo sindidzawanyoza, popeza iwo omwewo anatiphunzitsa kuti madzi saiwala khwawa. Chotsala kwa ife n'kupeza munthu wodziwa kulondola khwawalo mvula isanagwe, amene, ataona kupendekeka kwa chitunda, ataboola pansi kuti adziwe pamene dothi lathera ndi pamene thanthwe layambira, atatengera dothilo ku labotale kukayesa madzi amene lingamwe lisanagumuke, angathe kuimirira pamaso pa amfumu ndi a khonsolo n'kunena mopanda mantha kuti apa mangani, apo musamange.

Fanizo la m'Uthenga Wabwino la nyumba ya pathanthwe ndi ya pamchenga timalimva m'tchalitchi chaka ndi chaka, koma pokumba maziko a sukulu kapena a mlatho timaliiwala, chifukwa kuyesa nthaka kumaoneka ngati kuwononga ndalama pa chinthu chimene diso silidzachiona.

Anyamata amene amaperekeza alendo ku nsonga za Chambe ndi Sapitwa amadziwa kale mwala umene umaterera ndi mtsinje umene umasefukira mosachenjeza; mwa abale ndi alongo awo amene ali kusekondale, wokhoza masamu, fizikisi ndi kemisitiri asauzidwe kuti njira ndi udokotala kapena uphunzitsi basi. Koma tinene zoona, digiri payokha sidzamudyetsa ngati womulemba ntchito palibe, ndipo ambiri otere adzathawira ku migodi ya kunja. Chifukwa chake pempho langa lipite kwa Khonsolo ya Mulanje ndi kwa a Geological Survey ku Zomba, kuti pasamamangidwe sukulu, chipatala kapena mlatho m'tsinde mwa phirili popanda chikalata cha katswiri amene wayesa nthakayo ndi kusainapo dzina lake.