"Doubt" si "suspect", ndipo "suspect" si wakuba

Anzanga, pali mawu awiri a Chingerezi amene ambirife timawasakaniza: "doubt" ndi "suspect". Chisokonezo chimayambira ku Chichewa kwathu komwe, chifukwa mawu oti kukayikira timawagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri. Ndiye wina pofuna kunena kuti akukayikira mnzake kuti ndi amene waba cholembera, amangoti "I doubt he stole it". Aise, apotu wamuikira kumbuyo! Chiganizochi chikutanthauza kuti sukukhulupirira kuti anaba. Ngati ukuganiza kuti anabadi, uziti "I suspect he stole it".

Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: "doubt" imakokera ku ayi, "suspect" imakokera ku eya. Koma onse awiri akunena za zimene zili m'mutu mwako basi, osati zimene waona ndi maso.

Katchulidwe nakonso kamasintha tanthauzo. Ukakweza mawu koyambirira, SUSpect, ndi dzina la munthu woganiziridwa mlandu. Ukakweza kumapeto, susPECT, ndi mneni, kuganizira wina. Palinso "suspicious" amene ali ndi nkhope ziwiri: "he is suspicious of me" ndiye kuti akundikayikira ine, pomwe "he looks suspicious" ndiye kuti wokayikitsayo ndi iyeyo.

Ena munena kuti izi n'za mayeso chabe. Zoona, ife a Fomu 2 JCE ikutidikira, ndipo a MANEB sapereka setifiketi kwa wolephera Chingerezi. Koma ine ndikuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa malikisi.

Tamverani nkhani pa wailesi ya MBC kapena Zodiak. Apolisi akagwira munthu, owerenga nkhani amati "woganiziridwa", sati "wakuba". M'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times amalemba "suspect" kapena "alleged", kusonyeza kuti n'zongonenedwa, umboni sunapimidwe. Si ulemu chabe ayi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu atengedwe ngati wosalakwa, komanso womangidwa apititsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Mawu oti "guilty" amatuluka pakamwa pa woweruza, osati pa gulu la anthu pamsika.

Nanga ife m'kalasi timatani? Kope likasowa, maso onse kwa amene anatsala nthawi ya buleki. Pofika poweruka watchedwa kale mbava, ndipo dzinalo limamutsatira njira yonse mpaka kumudzi. Kopelo likapezeka pansi pa desiki, opepesa sapezeka. M'madera ena anthu amenyedwa mpaka kufa chifukwa chongoganiziridwa, makamaka agogo onamiziridwa ufiti.

Choncho tisanaloze chala tizidzifunsa kuti: ndaona, kapena ndikungoganiza? Ngati ukungoganiza, kauze aphunzitsi mwakachetechete afufuze. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu oti "suspect" tiwadziwe pa pepala la mayeso, tiwadziwenso tsiku limene katundu wasowa m'kalasi.

Ndine mnzanu wa Fomu 2